Loko ali kumaso, chitseko chakuseri n'chosatseka

Loweruka lina m'mawa ndinaima pamzere pa kanyumba ka ejenti wa ndalama za pafoni pafupi ndi depoti ya basi mumzinda wa Zomba, ndikufuna kutapa ndalama zokagulira ndiwo mumsika. Patsogolo panga panali anthu atatu, ndipo pathabwa la pawindo panali kaundula, buku lachikuto cholimba lija maejenti amalembamo aliyense amene wathandizidwa. Bukulo linali lotsegula, atalilozetsa kwa ife makasitomala kuti tisavutike posaina. M'mphindi zochepa zimene ndinaima pamenepo, maso anga anawerenga mayina asanu ndi limodzi, manambala a foni a eni mayinawo, manambala a ziphaso zawo za unzika, komanso ndalama zimene aliyense anatapa kapena kuika m'mawa umenewo. Mayi amene anasaina pamwamba penipeni anali atatapa K180,000. Ndikanakhala wa mtima wina ndikanajambula tsamba lonselo ndi foni, ndipo ejentiyo, amene maso ake anali pa mafoni atatu nthawi imodzi, sakanazindikira kanthu.

Pamwamba pa windo lomwelo panali chikalata cha mitundu yowala chochenjeza kuti tisauze munthu aliyense nambala yathu yachinsinsi. Chenjezo limeneli ndi loona ndipo sindikulitsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi chizolowezi cha makampani chokankhira udindo wonse kwa kasitomala, pomwe zambiri zimene akamberembere amagwiritsa ntchito potibera zimadontha m'manja mwa amene tinawasungitsa. Maganizo anga ndi akuti kampani tiziiyeza ndi kuchepa kwa zinthu zimene imatitenga, kuchepa kwa anthu amene imawalola kuziona, ndi zimene imachita tsiku limene zinthu zalakwika. Kukula kwa makina ake ndi kukoma kwa mawu ake otsatsira malonda zibwere pambuyo.

Pachingerezi zinthu zimenezi amazitcha data, koma kwathu kuno ukangotchula mawu amenewa munthu amaganiza za bandulo imene yamuthera usiku. Tikunena za dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, nambala ya chiphaso, chithunzi cha nkhope, zidindo za zala, malo amene foni yako yagona, anthu amene umaimbirana nawo, ngongole zimene unatenga ndi mmene unabwezera. Chilichonse pachokha chimaoneka chopanda pake, koma zikaphatikizidwa zimakwanira kuti munthu wina aime pamalo pako, atenge ngongole m'dzina lako, kapena alankhule ndi amayi ako ngati wochokera ku ofesi.

Makampani akuluakulu, makamaka mabanki ndi a mafoni, ali nazo njira zenizeni zotetezera zinthu zimenezi, ndipo kungakhale kunama kunena kuti sachita kanthu. Uthenga ukamachoka pafoni yanu kupita ku makina a banki umayamba wasokonezedwa ndi masamu, kotero kuti wougwira panjira amangoona zilembo zosalongosoka, ndipo wotha kuumasula ndi yekhayo amene ali ndi kiyi wake. Kaloko kaja kamaoneka pafupi ndi adiresi ya tsamba m'mapulogalamu ena otsegulira intaneti kamatanthauza zimenezi. WhatsApp inapita patsogolo mu 2016 pamene inakhazikitsa njira yoti ngakhale kampaniyo isathe kuwerenga zimene anthu awiri akulemberana. Pasiwedi nayo, pa kampani yodziwa ntchito, siisungidwa mmene mwailembera: imadutsa m'masamu amene amaisandutsa chidindo chosabwezeka, ndipo mukadzailembanso mawa makinawo amangofananiza zidindo ziwiri. N'chifukwa chake wantchito weniweni wa kubanki sangakukumbutseni nambala yanu yachinsinsi mukaiiwala, ndipo alibe chifukwa chokufunsani. Palinso kanambala kobwera pameseji kogwira ntchito kamodzi kokha, kamene cholinga chake n'chakuti wakuba pasiwedi alephere kulowa ngati alibe foni yanu m'manja.

Koma mukatsata nkhani za makampani amene anataya zinsinsi za anthu, mupeza kuti kawirikawiri loko sanathyoledwe, anangopezeka wosakhoma. Mu 2017 kampani ya ku America ya Equifax, imene imasunga mbiri ya ngongole za anthu, inaberedwa zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Mbavazo zinalowera pachiboo cha pulogalamu ina chimene okonza pulogalamuyo anali atachilengeza kale ndi kutulutsa chigamba chake miyezi iwiri m'mbuyomo, koma Equifax inali isanamate chigambacho. Mu 2019 Facebook inavomera kuti inkasunga mapasiwedi a anthu mamiliyoni mazanamazana osabisa, pamalo pamene antchito ake akanatha kuwawerenga, ndipo mu 2024 bungwe loyang'anira nkhanizi ku Ireland linalipiritsa eni ake, kampani ya Meta, chindapusa cha mayuro 91 miliyoni. Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri. Mu 2020 kampani ya Experian, imene nayonso imasunga mbiri ya ngongole za anthu, inapereka yokha mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu amene anadzionetsa ngati woimira kampani ina imene inkachita nayo malonda. Makina sanathyoledwe ayi. Munthuyo anapempha, ndipo anamupatsa.

Zoterezi zinafikanso pakhomo pathu. Amayi anga aang'ono, amene amakhala kufupi ndi Jali, analandira foni tsiku lotsatira atatapa ndalama zimene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Woimbayo anawatchula dzina lawo lonse, anatchula ndalama zimene anatapa, natchulanso tsiku lake. Kenako anati, "Amayi, pepani kwambiri, makina athu anakudulani kawiri dzulo. Tikufuna tikubwezereni, ingotsatirani zimene ndikuuzeni." Anatsatira, ndipo zotsala zonse zinapita. Madzulo ake pondiimbira anangoti, "Mwanawe, ndikanamukayikira bwanji munthu wodziwa zonse?" Titapita ku ofesi ya kampaniyo m'tauni muno, funso loyamba linali lakuti kodi nambala yachinsinsi anailemba okha. Atavomera, nkhani inathera pomwepo, ndipo tinauzidwa mwaulemu kuti tizisamala. Palibe amene anafunsa kuti woimbayo anadziwa bwanji dzina, tsiku ndi ndalama, chonsecho zinthu zitatuzi zinalembedwa pamodzi m'malo awiri okha, mu kaundula wa ejenti ndi m'makina a kampani. Amayiwo sanauze munthu.

Ife a ku Zomba timachita manyazi tikamawerenga m'manyuzipepala kuti ena mwa mafoni achinyengowa amaimbidwa kuchokera m'ndende yaikulu ya mumzinda uno. Manyazi apo, tiyeni tiganize. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndipo tinauzidwa kuti cholinga chake china chinali kuthana ndi umbava woterewu. Ndiye kuti nambala iliyonse imene kamberembere akuimbira ili m'dzina la munthu wina, ndipo wakuba wanzeru sangalembetse m'dzina lake. Amafuna chiphaso cha mnzake, ndipo kuchipeza sikovuta. Lowani m'shopu yofotokopa mapepala nthawi imene ophunzira akulembetsa ku yunivesite kapena anthu akufunsira ntchito. Pansi pa makina mupeza katoni ya mapepala olakwika, ena oda kwambiri, ena opendekeka, ndipo pakati pawo pali ziphaso za unzika zowerengeka bwinobwino. Ineyo ndinagulapo mtedza wokazinga ku Chinamwali wokulungidwa m'theka la fomu yofunsira ngongole, dzina la mwini wake, kumene amagwira ntchito ndi malipiro ake apamwezi zikuoneka.

Pepala lotereli limathanso kugwetsa chitetezo cha kanambala ka pameseji kaja. Munthu amene ali ndi zonse za pachiphaso chanu, akapeza wantchito wa kampani ya mafoni wosasamala kapena wolandira ya fanta, angathe kunama kuti foni yatayika ndi kupatsidwa simukhadi yatsopano ya nambala yanu. Foni yanu imangoti zii, netiweki osaoneka, ndipo mameseji onse a kubanki amayamba kupita kwa iye. Mu 2019 ngakhale Jack Dorsey, amene anali mkulu wa Twitter panthawiyo, anamulanda nambala yake m'njira yomweyi ndipo anthu analemba zonyansa patsamba lake. Ngati zinamuonekera mkulu wa kampani ya intaneti, mphunzitsi wa ku Domasi atetezedwa ndi chiyani kupatula kukhwima kwa ndondomeko za kampani yake ya mafoni?

A makampani adzayankha kuti lamulo ndi limene limawakakamiza kutenga ziphaso. N'zoona. Malamulo oletsa kuzembetsa ndalama zobedwa amafuna kuti banki idziwe kasitomala wake, ndipo chichokereni kalembera wa nthambi ya National Registration Bureau mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa, chiphaso cha unzika chasanduka kiyi wa zonse, kuyambira ku banki mpaka ku fetereza wotsika mtengo. Koma lamulo lakuti dziwani kasitomala wanu silinena kuti siyani buku lake poyera, silinena kuti sungani fotokope yake mpaka kalekale, ndipo silinena kuti wantchito aliyense wa pakauntala aziona ndalama zonse zimene munthu walandira chaka chonse. Kampani yosamala imagawa makiyi: wantchito amaona zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, ndipo makina amalemba dzina la aliyense amene watsegula mbiri ya kasitomala ndi nthawi yake, kuti dandaulo likabwera pakhale pofufuza. Njira imeneyi ndi yodziwika ndipo si yodula kuposa zikwangwani za m'misewu. Chimene chimasowa ndi mtima wofuna kudzifufuza.

Adzayankhanso kuti makasitomala eni ake ndi amene amaulula manambala awo achinsinsi. Izinso ndaziona ndi maso. Pamzere womwewuja, bambo wina wachikulire anapereka foni yake kwa ejenti ndi kutchula manambala ake anayi mokweza, chifukwa maso anafooka ndipo zolembedwa pafoni zimamuvuta. Koma Airtel Money ndi TNM Mpamba zinakula chifukwa zinafika ku Mayaka, ku Thondwe ndi ku Songani, kumene banki sinamange nthambi, ndipo aliyense wochita malonda kumeneko amadziwa kuti ambiri mwa makasitomala ake ndi otere. Chitetezo chimene chimadalira kuti gogo wa zaka 70 asalakwitse ngakhale kamodzi sichinakonzedwere gogoyo. Makina angathe kuzindikira kuti nambala imene kwa zaka zitatu yakhala ikungolandira ndi kutapa, lero ikutumiza zonse kwa nambala yachilendo pakangotha foni yaitali, ndipo angathe kuimitsa ndalamazo kwa kanthawi. Mabanki a kunja amachita zimenezi pa makhadi awo tsiku ndi tsiku.

Njira yodalirika kwambiri yotetezera chinthu ndi kusachitenga n'komwe, ndipo apa ndi pamene makampani ambiri amalephera mwadala, chifukwa mbiri za anthu ndi chuma. Taonani mapulogalamu a pafoni obwereketsa ndalama. Munthu akufuna K20,000 yokha, koma pulogalamuyo ikupempha chilolezo choona manambala onse a m'foni, zithunzi ndi mameseji. Katapila wa m'mudzi ankagwira wailesi kapena njinga ngati chikole, pomwe wa pafoniyu amagwira manambala a apongozi anu, abusa anu ndi abwana anu a kuntchito, kuti mukachedwa kubweza awaimbire onsewo ndi kukuyalutsani. Ku Kenya, kumene lamulo loteteza zinsinsi za anthu linakhazikitsidwa mu 2019, ofesi yoyang'anira lamuloli inalipiritsa chindapusa makampani ena obwereketsa ndalama mu 2023 chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo chaka chomwecho Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a m'sitolo yake kupempha manambala ndi zithunzi za anthu. Kwathu kuno vutoli lilinso m'zinthu zazing'ono. Sitolo ikachititsa mpikisano imafuna tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso pa kapepala koponya m'bokosi, ndipo malo ogona alendo amafotokopa chiphaso pomwe kuchiona ndi maso kukanakwanira. Ifenso timangolemba, poopa kuoneka ovuta. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo funso lakuti "Kodi zimenezi mukufuna mutani nazo?" silinapweteke munthu.

Makampani amabisala kumbuyo kwa mawu akuti kasitomala anavomereza. Anavomereza chiyani? Masamba ambirimbiri a Chingerezi cha maloya, pa kagalasi kakang'ono ka foni, bandulo ikutha, ndipo pansi pake pali batani limodzi lokha lopitirira. M'boma la Zomba anthu amalankhula Chichewa, ambiri Chiyao, ena Chilomwe. Kampani imene imatha kutsatsa malonda ake m'Chichewa chokoma pa wailesi ingathenso kufotokoza m'ziganizo zisanu za Chichewa zimene ikutenga, chifukwa chake, amene igawana nawo, ndi nthawi imene idzazifufute. Ikasankha kusatero, chilolezo chimene yatenga ndi chofanana ndi kudinditsa chala munthu wosadziwa kuwerenga pa kalata yogulitsa munda.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ngakhale kampani yosamala ingathe kuberedwa. Tinaona mu February 2024 pamene mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi mbava za pa intaneti zimene zinkafuna dipo, ndipo ntchito yopereka mapasipoti inaima. Zikatero chofunika ndi kuuza anthu msanga, chifukwa madzi akatayika saoleka, koma wouzidwa msanga amasintha pasiwedi, amachenjeza banki, ndipo amadziwa kuti woimba wodziwa zonse angakhale wakuba. Kampani ya Uber, yoitanitsira matakisi pafoni, inachita zosiyana mu 2016: itaberedwa mbiri za anthu 57 miliyoni, inalipira mbavazo madola 100,000 kuti zikhale chete, ndipo nkhaniyo inaululika patatha chaka. Mkulu wake wa zachitetezo, Joe Sullivan, anapezeka wolakwa kukhoti mu 2022. Lamulo la mayiko a mu European Union, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limapereka maola 72 okha kuti kampani idziwitse olamulira, ndipo chindapusa chake chingafike pa 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampaniyo yapeza pachaka padziko lonse. Mu 2023 Meta inalipiritsidwa mayuro 1.2 biliyoni pansi pa lamulo limeneli. Ndalama zoterezi ndi zimene zimachititsa akuluakulu a kampani kukhala pansi ndi kumvetsera anthu awo a zamakompyuta.

Malawi salinso wopanda chida. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu wosunga zinsinsi zake, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linayalako maziko, ndipo mu June 2024 lamulo lapadera la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wofunsa kampani zimene ikusunga zokhudza iye, wokonzetsa zolakwika ndi wopempha kuti zifufutidwe, limafuna kuti kampani izitenga zokhazo zimene ntchito yake ikufunadi, komanso kuti izinena ikaberedwa. Udindo woyang'anira lamuloli unaperekedwa ku bungwe la MACRA. Nkhawa yanga ndi yakuti MACRA ili kale ndi mtolo wa ziphaso za mawailesi, makanema, mafoni ndi mapositi, ndipo makampani ena amene iyenera kuwalanga pa nkhani ya zinsinsi ndi omwewo amene imakhala nawo pagome tsiku ndi tsiku pa nkhani zina. Anthu adzakhulupirira lamuloli tsiku limene adzamve dzina la kampani imene yalipira chindapusa ndi chifukwa chake, osati misonkhano ya kunyanja yophunzitsana za lamulolo.

Mzinda uno uyenera kumvetsa nkhaniyi kuposa ina, pakuti ndi mzinda wa osunga zolembedwa. Kuno ndi kumene kuli nkhokwe ya zolembedwa za dziko ya National Archives, likulu la National Statistical Office ndi bungwe la mayeso la MANEB. Pa kalembera wa 2018 owerenga anthu analowa pakhomo lililonse ndi kufunsa zinthu zimene sitiuza ngakhale anansi, koma zimene zinasindikizidwa ndi ziwerengero zopanda dzina la munthu. Akadaulo a zolembedwa amadziwanso kuti kusunga kumaphatikizapo kusankha zoti ziwonongedwe ndi nthawi yake. Luso limeneli ndi lakale kuposa intaneti, ndipo kampani imene inapenta mtundu wake pa kanyumba ka ejenti, imene imamulipira komishoni ndi kumulamula kuti azilemba mayina, singanene kuti buku la ejentiyo si lake.

Sabata yatha ndinabwereranso pa kanyumba kaja nthawi ya masana, pamzere palibe anthu, ndipo ndinafunsa ejentiyo kuti, "Achimwene, kodi mabuku akadzaza mumawapititsa kuti?" Anaseka pang'ono nati, "Bwana, ali kunyumba m'katoni kunsi kwa bedi. Ena ana anang'ambamo masamba n'kukutira makope a kusukulu, ndipo lina mayi a kunyumba anayatsira mbaula mvula itanyowetsa makala." Ndinafunsa ngati a kukampani anabwerapo kudzawatenga kapena kumuuza zochita nawo. Anati amabwera ndithu, mwezi ndi mwezi, kudzaona ngati chikwangwani cha mitengo chili pakhoma ndi ngati ali ndi ndalama zokwanira zothandizira makasitomala. Kenako anawerenga ndi zala mabuku amene wadzaza chiyambireni ntchitoyi mu 2019, ndipo anafika pa 14.